Nsalu za amayi a ku Oodi

Aliyense wopita ku Botswana ndikumulimbikitsa kuti apatukire ku Lentswe la Oodi Weavers, malo a amayi oluka nsalu amene ali m'mudzi wa Oodi, pafupi ndi mzinda wa Gaborone. Ntchitoyi inayamba mu 1973, ndipo patapita zaka zochepa olukawo anayamba kuiyendetsa okha. Nsalu zawo zokoloweka pakhoma n'zaubweya wa nkhosa, zolukidwa pamanja, ndipo n'zolimba moti mtengo wake, ngakhale ndi wokwerako, sindikuudandaula.

Chimene chinandigwira mtima ndi zithunzi zolukidwamo, zoonetsa amayi akutunga madzi, akulima ndiponso akusamala mudzi, ntchito imene ankaisenza okha amuna ali kumigodi ya ku South Africa. Komabe pabwalo la kgotla, pamene ankagamula nkhani za mudzi, mawu anali a amuna. Lamulo la unzika nalonso linkakaniza mkazi wokwatiwa ndi mlendo kupatsira ana ake unzika, mpaka Unity Dow, mayi wokwatiwa ndi mlendo, anapambana mlandu wake wotsutsa lamuloli mu 1992 ndipo lamulolo linasinthidwa mu 1995. Mayi Mosadi Seboko anavekedwa ufumu waukulu wa mtundu wa Abalete mu 2003, amayi a ku Oodi atayendetsa kale ntchito yawo kwa zaka zoposa 20.

Ndinagula nsalu imodzi ya amayi atasenza mitolo ya nkhuni, ndipo ndaikoloweka pabalaza.