Kunyanja, ku Dzaleka kapena ku Chileka: ndalama ya ulendo umodzi ipite kuti?

Ogasiti akangolowa, gulu lathu la pa WhatsApp lomwe timatumizirana zimbale limasiya kukamba nyimbo n'kuyamba za maulendo. Funso ndi lomwe lija chaka chilichonse: "Achimwene, ndalama ndili nayo ya ulendo umodzi basi, ndipite kuti?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano aliyense adziwerengere. Malo ndi anayi: Lake of Stars, Sand Music Festival, Tumaini ya ku Dzaleka, ndi chikumbutso cha woimba reggae Evison Matafale ku Chileka. Ndineneretu kuti ine ndi wa reggae ya ku Chileka. Masabata ano m'khutu mwanga muli zimbale za Kuimba za Matafale ndi bandi yake ya Black Missionaries, ndayambira choyamba chenicheni kumapita m'tsogolo, ndiye mukaona sikelo yapendekeka musadabwe.

Mitengo ya matikiti sindilemba, mumaiona nokha pa Facebook ndipo imasintha chaka ndi chaka. Dziwani chabe kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense woitana woimba wakunja ali pa mpanipani, poti alendo aja salandira makwacha. Amafuna madola, kuphatikiza ndege ndi hotelo ya gulu lawo lonse, ndipo gawo la ndalamayo limatuluka m'thumba mwanu pa geti. Ku Tumaini ndi ku Chileka mumangolowa ulere.

Lake of Stars ndiye mkulu pa maphwando akunyanja. Adaiyambitsa ndi Will Jameson wa ku Britain, ndipo yoyamba idachitikira ku Chintheche mu 2004. Kuchoka apo yayendayenda: Senga Bay, Nkopola ku Mangochi, mu 2013 idalowa mumzinda wa Lilongwe ndi dzina loti City of Stars, mu 2024 idakatulukira ku Nkhotakota. Pa nkhani ya zokuzira mawu ndi kusunga nthawi, palibe wowaposa mwa anayiwa. Amene tidaona Oliver Mtukudzi ku Nkopola mu 2010 timakumbukira kuti chingwe chilichonse cha gitala chinkamveka pachokha, ngakhale kwa ife amene tidaima kumbuyo mapazi ali mumchenga. Kumakhalanso nsanja zingapo, alakatuli, ndi oimba oti simudawamvepo amene mumabwerako mukuwasaka pa YouTube. Chimene chimanditopetsa ndi usiku kwambiri, ma DJ akatenga malo n'kuyamba zija zogunda mofanana mpaka mbandakucha. Azungu ndi achinyamata a ku Area 10 amazikonda. Ine ndimakagona. Komanso si chaka chilichonse chomwe imachitika, ndiye musamange bajeti musanamve chilengezo.

Sand ndi yathu. Malemu Lucius Banda, Soja mwini wake, ndiye adaiyambitsa mu 2010, ndipo zaka zambiri yakhala ikuchitikira ku Senga Bay ku Salima. Yabweretsa mayina oti Mmalawi wamba amawadziwa: Busy Signal mu 2015, Diamond Platnumz mu 2016, Awilo Longomba mu 2017. Koma kukoma kwake kwenikweni ndi khamu. Woimba wa konkuno akangoyamba mzere woyamba, gombe lonse limamalizitsa, iye n'kungoloza maikolofoni kwa anthu. Mumapeza amayi a chitenje, mabwana a m'mabanki ndi anyamata a kabaza akuimba mawu amodzi. Soja adatisiya mu Juni 2024, ndipo kwa ife amene tidazolowera kumuona akukwera pa nsanja dzuwa litatsala pang'ono kutuluka, gombe lija lili ndi mpata wosatsekeka.

Tsopano nayi nkhani yomwe aliyense wondifunsa ndimayamba kumuuza, chifukwa kunyanja chimene chimaboola thumba ndi pogona. Okonza maphwandowa mlanduwu suwakhudza, ndi wa eni malo ogona a m'mbali mwa msewu omwe amadikira weekend imodziyo ngati nyengo yokolola.

Chaka china ndidasungitsa chipinda pa kaloji kena, kudakali miyezi iwiri. Tidagwirizana mtengo pa foni, ndidatumiza theka, iwo n'kuyankha kuti "talandira bwana, chipinda ndi chanu." Lachisanu ndidafika kutada, fumbi lili m'mutu, chikwama kumsana. Mnyamata wa pa kauntala adatsegula kope lake lachikuto cholimba, kuyendetsa chala mpaka pansi, kutembenuza tsamba, kubwereranso. Dzina langa lidalipo, koma lokhwatchidwa ndi cholembera chofiira.

"Bwana, mtengo mudamva uja ndi wa masiku wamba. Weekend ino ndi ya festival."

Ndidati chabwino, ndiwonjezere zingati? Adakanda kumutu. Chipindacho adali atapatsa kale anthu ena omwe adafika masana ndi ndalama m'manja, kulipiriratu masiku atatu pa mtengo wowirikiza. Nanga theka langa lija? "Ndalama amasunga ndi abwana, ndiye apita ku boma, foni yawo yazima." Nthawi imeneyo malo onse ozungulira adali atadzaza, iye akudziwa bwino lomwe kuti kolowera ndilibe. Adanditsegulira kachipinda kosungira makreti, n'kuponyamo matiresi. Neti mudalibe, zenera losatseguka, kutentha kwa Salima kwa mu Okutobala inu mukukudziwa. Udzudzu udandiimbira bwino kuposa oimba ena omwe ndidawalipirira pa geti. Ndipo kachipinda ka makretiko adandilipiritsa pa mtengo wa chipinda chenicheni chija, amvekere akundichitira chifundo. Mmawa ndikupempha madzi osamba, akuti ndowa ili ndi mtengo wake. Kutchaja foni pa kauntala, nakonso mtengo wake. Kumeneko ndiye kudyera munthu masuku pamutu.

Choncho wopita kunyanja amve izi. Mtengo, masiku ndi nambala ya chipinda zilembedwe mu meseji, ndipo mawu oti "weekend ya festival" awonekemo, kuti pasadzakhale zoti mudamva mtengo wina. Imbaninso kutatsala sabata, kenaka m'mawa wa tsiku lonyamuka. Ngati msana wanu ukadali wolimba, tengani tenti mukamange pamalo omwe okonza akonza, loko wake wamng'ono musaiwale. Muwerengerenso kabaza, chifukwa kuchoka ku Salima boma kukafika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo mtengo wa masana ndi wa 2 koloko usiku sizidziwana. Mafuta akasowa m'dziko, minibasi ya Lamlungu pobwerera imatchula zomwe yafuna. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti tikiti idali kachigawo kochepa.

Tumaini vuto limeneli idalithetsa mwanzeru. Phwandoli adaliyambitsa mu 2014 ndi Menes la Plume, mlakatuli wochokera ku DR Congo yemwe ankakhala mumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa. Malowa nthawi ya Kamuzu adali ndende, ndipo adasanduka msasa mu 1994. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita 40 ndi kanthu, ndiye mutha kupita m'mawa n'kukagona kwanu. Ofuna kugona komweko amalandiridwa m'nyumba za mabanja a mumsasamo kudzera mwa okonza, ndalama n'kupita kwa banja lomwe lakusungani. Kumeneko ndidaona anyamata a ku Burundi akulowa m'bwalo ng'oma zikuluzikulu zili pamutu, akuziomba akuyenda, mwendo ukuponyedwa m'mwamba kukagunda chikopa. Magitala a rumba ya ku Congo nawo musanene, ndipo chapati cha ku Dzaleka chokha n'chokwanira kukwerera minibasi. Zovuta zake ndi dzuwa, fumbi, mthunzi wochepa, komanso poti oimba amachuluka, wina mwangoyamba kumukonda watsika kale.

Koma mukandipanikiza kuti nditchule amodzi, ine ndi ku Chileka. Matafale adamwalira pa 27 Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, ndipo chaka ndi chaka nyengo imeneyo abale ake a Black Missionaries amakonza chikumbutso. Amayamba ndi mapemphero ndi kuyala nkhata kumanda kwa Singano, komwe amakumbukiranso Musamude Fumulani yemwe adapita mu 2007 ndi Gift Fumulani mu 2008, kenaka masana zida zimalira pabwalo. Mudzi umenewu nyimbo ndi zakumtundu: Daniel Kachamba adali wa komweko, ndipo bambo wa anyamata a Ma Blacks ndi malemu Robert Fumulani wa bandi ya Likhubula River. Mukaima pabwalo lija mumakhala mwafika pomwe nyimbozo zidabadwira, oimba akuimbira azakhali awo ndi anzawo omwe ankasewera nawo mpira.

Chomwe chimandikokera kumeneko ndi bandi. Masiku ano kwachuluka oimba okwera pa nsanja ndi flash, DJ n'kuika nyimbo yomwe muli nayo kale mu foni, iwo n'kumangokuwa pamwamba pake kuti manja m'mwamba. Zimenezo kunyanja mumazipeza ndithu, mutalipira ndalama zambiri. Ku Chileka ng'oma amaomba ndi munthu, kiyibodi ya Chizondi Fumulani imayankhana ndi mawu a m'bale wake Anjiru, ndipo nyimbo yomwe pa chimbale imatha msanga amaikoka mpaka anthu atakhuta. Besi imagunda pachifuwa. Anthony Makondetsa akakwera, fumbi limachita kutseka dzuwa. Ndikamamvera Kuimba panopa, pali nyimbo zina zomwe zimandimvekera zoperewera, chifukwa khutu lidazolowera momwe amaziimbira pabwalo.

Sindikubisani, si malo a munthu wofuna mpando ndi tebulo. Kumapeto kwa Novembala mvula imatha kugwa nthawi iliyonse, fumbi lija n'kusanduka matope. Utsi wa chamba ulipo wambiri, zimbudzi n'zosakwanira khamu lotere, ndipo apisamthumba nawo chikumbutso sachiphonya. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo, dzanja pamwamba. Wobwera ndi ana aime chakumbuyo ndipo anyamuke kusanade.

Wa ku Lilongwe wopanda ndalama yofikira ku Blantyre apite ku Dzaleka, sadzadandaula. Amene mwalandira bonasi ndipo mukufuna kusambira, sankhani Sand ngati mukufuna kuimba nawo, Lake of Stars ngati mukufuna kumva zachilendo, koma tenti ikhale m'chikwama. A ku Blantyre mulibe chowiringula: minibasi ya ku Chileka kudzera pa Kameza, ndalama ya kanyenya ndi ya ulendo wobwerera muike m'matumba osiyana. Zikatha anthu amatuluka nthawi imodzi ndipo maminibasi amachepa, ndiye amene muli ndi mnzanu wa galimoto yambani kumuimbira panopa.