Dayale ya pa intaneti muli ku Harare: Dreamwidth, Day One, Penzu kapena Diarium?

Kutsegula akaunti ya dayale pa intaneti sikuvuta: imelo, pasiwedi, basi mwalowa. Mutu umayamba kuwawa tsiku lolipira, ndiponso tsiku limene mwafuna kusamuka ndi zolemba zanu. N'chifukwa chake poyerekeza malo anayiwa sitikulabadira kwenikweni za kukongola kwa masamba. Mafunso athu ndi awiri: ndalama ituluka bwanji m'thumba la munthu wa ku Mufakose kapena ku Mabvuku, nanga mawu ake adzawatulutsa bwanji akadzatopa nawo malowo?

Tiyambe ndi khadi

Onse anayiwa amafuna madola a ku America. ZiG, ndalama ya Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, siyenda kumeneko, ndipo khadi ya Zimswitch imene mumaswaipa nayo m'sitolo ndi ya m'dziko muno mokha. Chofunika ndi Visa kapena Mastercard yokhala ndi madola. Njira zake zilipo zitatu: khadi ya akaunti ya nostro (akaunti ya ku banki yosungira madola), khadi yoikamo ndalama pasadakhale monga za FBC kapena BancABC, kapena Mastercard ya EcoCash yotapa m'chikwama cha madola. Pa nkhani ya dayale, yoikamo ndalama pasadakhale ndiyo yabwino, chifukwa munthu sangakudulireni zoposa zimene mwaikamo.

Musaike ndalama yokwanira ndendende. Pa mtengo umene mukuuona patsamba pamabwera ndalama ya banki pa malipiro akunja, komanso misonkho. IMTT, msonkho wa ndalama zodutsa pa foni ndi pa khadi, inakwera kufika pa masenti 2 pa dola iliyonse mu Okutobala 2018, ndipo chiyambire pamenepo misonkho ya malipiro a pa foni ndi pa khadi yasinthidwa kangapo. Funsani ku banki kuti lero akudula zingati. Chinthu cha $35 muchiikire $45, chenje sichiwola. Makhadi ena amene amakanidwa amakhala kuti aperewera masenti ochepa chabe.

Pa fomu yolipirira pali malo atatu ogwetsa anthu. Oyamba ndi dzina: lembani monga lilili pa khadi, osati dzina limene amakuitanani nalo ku tchalitchi. Achiwiri ndi kabokosi ka postal code. Zimbabwe ilibe manambala amenewa, koma mafomu ambiri salola kusiya popanda kanthu. Anthu amalemba 00263 kapena 0000 ndipo nthawi zambiri zimadutsa. Achitatu ndi nambala yachinsinsi imene banki imatumiza pa SMS. Imapita ku layini imene munalembetsa ku banki, ndipo imafa pakangopita mphindi zochepa. Ngati layiniyo ili mu foni ya mayi a kunyumba inu muli m'tauni, dikirani madzulo. Kuyesa kambirimbiri motsatizana kumachititsa banki kuganiza kuti khadi yabedwa, n'kuitseka.

PayPal inafika ku Zimbabwe mu 2014, yotumizira kokha. Siichotsa vuto la khadi, chifukwa nayonso imatapa pa khadi lomwelo.

Dreamwidth: mumagula nthawi, ikatha yatha

Dreamwidth inatsegulidwa mu 2009 ndi Denise Paolucci ndi Mark Smith, amene anagwirapo ntchito ku LiveJournal, tsamba lakale la madayale a pa intaneti, ndipo anaimanga pa mapulogalamu a LiveJournal omwewo. Ilibe zotsatsa malonda. Imayenda ndi ndalama za olipira. Maonekedwe ake ndi achikale ndithu, mawu okhaokha, koma kwa munthu wowerengera mamegabaiti chimenecho ndi chokoma. Imatseguka pa browser ya foni popanda kuikamo app. Dziwani chabe kuti bandulo ya WhatsApp siitsegula. Pamafunika data wamba kapena Wi-Fi.

Polembetsa amafuna dzina la akaunti, imelo, pasiwedi ndi tsiku lobadwa, kenako mukatsimikize pa linki imene atumiza ku imelo. Pa dzina ganizani bwino. Limasanduka adiresi ya dayale yanu, dzinalo kutsogolo kwa dreamwidth.org, ndipo kulisintha pambuyo pake n'kolipira. Amene akufuna kulemba za mumtima asaike dzina lake lenileni pamenepo.

Chinthu china chofunika kuchita musanalembe ngakhale mzere umodzi: Dreamwidth inapangidwa kuti anthu aziwerengerana, ndiye cholemba chilichonse chili ndi magawo atatu. Public ndiye kuti aliyense awerenga, Access List ndi okhawo amene mwawalola, Private ndi inu nokha. Lowani m'makonzedwe a akaunti, muike kuti zolemba zatsopano zonse zizikhala Private. Mukapanda kutero, tsiku lina mudzalemba usiku muli ndi tulo, n'kuiwala kusankha, nkhani ya ngongole ya alamu anu n'kukhala pambalambanda.

Kulipira kwake ndiko kumatisangalatsa. Amawerenga m'mapointi, mapointi 10 pa dola imodzi. Kwa zaka zambiri akaunti yolipira yakhala $35 pachaka, yapamwamba $50, ndipo mwezi umodzi $3. Mumagula nthawi monga mmene mumagulira mayunitsi a ZESA. Ikatha, akaunti imabwerera kukhala yaulere, zolemba zonse zilipo, palibe amene abwera kudzatapa pa khadi inu osadziwa. PayPal salandira, ndi khadi basi, kapena cheke chotumiza ku America, chimene kwa ife n'chosatheka. Komanso munthu wina angathe kukugulirani nthawi pongolemba dzina la akaunti yanu. Mwana wanu wa ku Johannesburg alipira ndi khadi yake osafuna pasiwedi yanu, osawerenga kalikonse. Pa malo enawa njira yoteroyo siyophweka chonchi.

Tinene zoona, ambiri safunika n'komwe kulipira. Akaunti yaulere imalemba mopanda malire. Zimene kulipira kumawonjezera ndi zinthu monga tizithunzi tambiri ta akaunti, malo okulirapo osungira zithunzi ndi kufufuza bwino m'zolemba zakale. Kumene Dreamwidth imapambana anzake onse ndi pa gulu: amayi a chigwirizano, kapena banja logawikana pakati pa Highfield, Dedza ndi Joni, angathe kulemba ndi kuwerengerana okhaokha, zinthu n'kukhala mwa dongosolo la masiku, osamira ngati mmene zimamirira pa WhatsApp.

Kufooka kwake kulipo pawiri. Popanda netiweki simulemba. Ndipo Private sikutanthauza kuti zolembazo zamangidwa ndi kiyi wanu. Zili pa makompyuta a kampani monga mmene zilili.

Wina afunsa za LiveJournal yeniyeniyo. Inayamba mu 1999 ndi Brad Fitzpatrick, inagulidwa ndi kampani ya ku Russia ya SUP mu 2007, ndipo kuyambira 2017 malamulo ake ogwiritsira ntchito ali pansi pa malamulo a dziko la Russia. Woyamba lero alibe chifukwa cholowera kumeneko. Amene ali nayo yakale angakokere zolemba zake ku Dreamwidth, chida chake chilipo.

Day One: yokongola, koma mpopi uli m'manja mwawo

Day One inatuluka mu 2011, ndipo mu 2021 inagulidwa ndi Automattic, eni WordPress.com. Pa zonse zinayi iyi ndiyo yosalala. Mumalemba ngakhale magetsi atazima ndi netiweki yomwe, zimadzikweza zokha intaneti ikabwera. Zithunzi, mawu ojambula, malo amene munali, zonse zimalowa. Zolemba zimamangidwa ndi kiyi amene kampani ilibe. Chimenechi n'chabwino, koma chili ndi mano. Foni ikabedwa mu kombi, kiyi mulibe pena paliponse, ngakhale a kampaniwo sangakutsegulireni. App imatha kusunga kiyiyo ku iCloud kapena ku Google Drive. Onetsetsani kuti yatero, komanso mumulembe papepala, muike pamodzi ndi ziphaso zanu.

Malipiro ake ndi a pachaka, ndipo ambiri amalipira kudzera mu Google Play kapena App Store. Kwa nthawi yaitali mtengo unali $34.99, onani umene ulipo lero musanadine. Apa ndi pamene pali msampha. Mumaika khadi kuti muyese kwaulere, masiku oyesa akatha amadula chaka chonse. Chaka chikatha amadulanso okha. Khadi ikapezeka yopanda kanthu, Google sisiyira pomwepo, imayesanso masiku otsatira. Ndiye mwaika $60 Lachisanu kuti mulipire zina, Loweruka m'mawa SMS yalowa: ndalama zapita ku dayale imene munasiya kulemba mu Febuluwale.

Kufufuta app mu foni sikuimitsa malipiro. Tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu pamwamba kumanja, lowani pa Payments & subscriptions, kenako Subscriptions, muimitsire pamenepo. Mungathe kuimitsa tsiku lomwe mwalipira; chaka chimene mwagula chimapitirirabe mpaka kumapeto, kungoti sadzadulanso. Akakudulani mosayembekezera, pemphani kubwezeredwa msanga, maola 48 asanathe.

Musagule makhadi a mphatso a Google Play a ku South Africa kapena ku America poganiza kuti mwazemba banki. Amagwira ntchito m'dziko lawo lokha, ndipo kusintha dziko la akaunti ya Play si chinthu chochita lero n'kubweza mawa.

Kwa amene ali ndi iPhone, pali Journal ya Apple imene inabwera ndi iOS 17.2 mu Disembala 2023. Ndi yaulere. Yesani imeneyo kaye musanalipire kwina.

Penzu

Iyi ya ku Canada, ya mu 2008, imaoneka ngati kope la mizere ndipo zolemba zimakhala zachinsinsi kuyambira pachiyambi. Imakoma pa kompyuta, kwa munthu wolemba pa nthawi ya nkhomaliro ku ofesi. Pro yakhala $19.99 pachaka, yotsika kuposa ziwiri zija, nayonso yodzidulira yokha. Chimene sitikondwera nacho n'chakuti kutulutsa zolemba zanu zonse kuli m'gulu la zolipira. Kulowa ndi ulere, kutuluka ndi katundu wanu mulipire. Ngati mwaisankha, dziwiranitu zimenezo.

Diarium: kulipira kamodzi

Diarium kwenikweni si tsamba, ndi app ya pa Android, iPhone, Windows ndi Mac. Taiika pano chifukwa imayankha funso la ndalama mosiyana ndi anzake onse: mumagula kamodzi, basi. Palibe cha pachaka. Ilibenso nkhokwe yakeyake. Zolemba zimakhala mu foni mwanu, ndipo mukagula Pro zimadzisunga ku Google Drive, OneDrive kapena Dropbox yanu. Akaunti ya Google imabwera ndi 15 GB yaulere, ndipo mawu okha sangaidzaze pa moyo wa munthu. Zoidzaza ndi mavidiyo ndi zosunga zina.

Chenjezo lili pawiri. Kugula kwake n'kwa mtundu uliwonse wa chipangizo paokha: ya Android mwagula, ya Windows mugulanso. Ndipo yaulere imasunga mu foni mokha. Munthu wolemba miyezi 8 osagula, foni n'kugwera m'madzi, wataya zonse. Ngati mwaganiza zokhala nayo, gulani sabata yoyamba, mulumikize ku Drive, kenako mutsimikize kuti zolemba zanu zasungidwadi kumeneko.

Kwa munthu amene madola amawapeza mwa apo ndi apo, njira imeneyi ndiyo yogwirizana ndi khadi yoikamo ndalama pasadakhale, ngakhalenso nambala ya khadi ya pa foni yokhala nthawi yochepa. Khadiyo ikadzatha ntchito mwezi wamawa palibe chimene chiwonongeke, chifukwa palibe amene adzabwerenso kudzafuna ndalama. Koma ndi Day One kapena Penzu, khadi yotha msanga ndiye kuti chaka chamawa malipiro adzakanika, mudzafunika kuika ina.

Ndiye tisankhe iti?

Wolemba za iye yekha pa foni ya Android atenge Diarium. Wofuna kuti abale kapena gulu liziwerenga atenge Dreamwidth, ayambe ndi yaulere, adzalipire ya mwezi umodzi akafuna kuona kusiyana kwake. Day One ndi ya munthu wa zithunzi zambiri amene khadi yake siuma, ndipo amakumbukira kuimitsa malipiro. Penzu tingaipereke kwa wolemba pa kompyuta yekha basi.

Zilembo za Chichewa, ngakhale ŵ wa mu Malaŵi, zimasungika bwino ponseponse. Chosokoneza ndi kiyibodi ya foni, imene imasandutsa mawu athu kukhala a Chingerezi osawafuna. Zimitsani autocorrect musanayambe, apo ayi podzafufuza mawu m'zolemba za chaka chatha simudzawapeza.

Iliyonse imene mwasankha, yesani khomo lotulukira mwezi woyamba, zolemba zikadali zochepa. Day One imatulutsa PDF, JSON kapena mawu wamba. PDF ndi yowerenga, JSON ndi yosamukira nayo ku app ina, tengani zonse ziwiri. Dreamwidth imatulutsa mwezi umodziumodzi mu fayilo ya CSV kapena XML, choncho n'kwanzeru kutsitsa mwezi uliwonse ukangotha, kusiyana n'kudzakhala pansi kutsitsa miyezi 36 tsiku limodzi. Fayiloyo muiike pa memory card kapena pa flash, osati mu foni yomweyo, ndipo muitsegule kamodzi muone ngati ikuwerengeka.