Njuchi zolondera mpweya pa bwalo la ndege

Abale anga kumudzi, ganyu yomwe ndapeza kuno ku Joni ndi yothandiza bambo wina woweta njuchi kufupi ndi Kempton Park, kumene kuli bwalo la ndege la O.R. Tambo. Ndege zimadutsa pamutu pathu kuyambira mbandakucha, ndiye ndinawafunsa abwana ngati uchi wa malo otere ndi wabwino kudya. Anandiyankha ndi nkhani ya ku Germany.

Bwalo la ndege la Hamburg linayamba kuika ming'oma mu 1999, kenako mabwalo a Düsseldorf, Frankfurt ndi Munich anatsanzira. Cholinga si malonda ayi, koma kupima ngati mpweya waipitsidwa. Njuchi imasaka chakudya mpaka makilomita pafupifupi 3 kuchokera pa mng'oma, ndipo chilichonse chagwera pa maluwa ndi m'madzi imabwera nacho. Akatswiri amatengera uchi, phula ndi mungu ku labotale kukafufuza zitsulo zapoizoni monga mtovu ndi cadmium, komanso zotsalira za mafuta oyaka. Uchi wa kumeneko wakhala ukupezeka wabwino. Koma abwana amanenetsa kuti uchi wokha suulula zonse, zambiri zimakanirira m'phula ndi m'mungu.

Chiyambireni kumva zimenezi, ndimayang'anitsitsa pakhomo pa mng'oma. Njuchi zimatera zitalemedwa ndi timibulu ta mungu ku miyendo yakumbuyo, tina tachikasu, tina totuwa bulugama akachita maluwa. N'zaukali ngati zakwathu, osayerekeza kutsegula wopanda utsi.

Ine chondiwawa si ndege kwenikweni. Ndi milu ya dothi la m'migodi ya golide. Mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, fumbi lake limakuta nyumba ku Riverlea ndi mbali zina za Soweto, ndipo nyengo yozizira utsi wa malasha umachita kuyabwa pakhosi. Amalawi anzathu ambiri amachita lendi malo ngati amenewa, ana awo akupuma mpweya womwewo. Kumenekonso kukufunika ming'oma yoti izipimidwa.

Kwathu tingayambe ndi zochepa, osadikira mabwalo a ndege a ku Chileka kapena ku Lumbadzi. Chonde auzeni amalume kuti akapeza njuchi zakufa mulu pansi pa mng'oma, alembe tsiku, afunse amene wapopera mankhwala m'munda wa fodya kapena wa thonje sabata imeneyo, asunge kachisa m'botolo loyera n'kukaonetsa alangizi a zaulimi.