Digiri ya unamwino pa intaneti: kuyenda pa liwiro lako kapena kutsata kalendala ya sukulu

Namwino amene amagwira ntchito m'wodi sabata yonse, nthawi zina mpaka kuchezera usiku, akafuna digiri yoyamba ya unamwino, yotchedwa BSN (Bachelor of Science in Nursing), pa intaneti amapeza njira ziwiri zimene zimasiyana kwambiri ngakhale kuti pepala lotuluka kumapeto ndi lofanana. Njira ziwirizi zafala ku United States, ndipo mapulogalamu ake, otchedwa RN to BSN, amalandira anthu amene ali kale ndi chiphaso cha unamwino.

Njira yoyamba ndi ya Western Governors University, sukulu imene abwanamkubwa a zigawo 19 za dzikolo anaikhazikitsa mu 1997. Kumeneko teremu imatenga miyezi 6, ndipo wophunzira amalipira ndalama zofanana kaya wamaliza maphunziro ochepa kaya ambiri m'miyeziyo. Sawerengera maola amene munthu wakhala pa kompyuta. Phunziro limatha pamene waonetsa, polemba mayeso kapena ntchito imene wapatsidwa, kuti zinthuzo akuzidziwa. Capella University ili ndi dongosolo lofananako lotchedwa FlexPath, koma lake limalipiridwa pa milungu 12 iliyonse. Kwa namwino amene wakhala zaka khumi akuyeza odwala, izi ndi zabwino ndithu, chifukwa sakakamizidwa kutaya milungu pa zimene amachita tsiku ndi tsiku.

Koma ufulu umenewu uli ndi msampha wake. Munthu akaweruka shifiti ya maola 12, miyendo itatupa, n'kufika kunyumba dzuwa likutuluka, laputopu imakhala yotseka patebulo ndipo mtima umati mawa. Pakapanda tsiku lokakamiza, mawa amasanduka mwezi, teremu n'kutha ndalama zitapita. N'chifukwa chake Western Governors imapatsa wophunzira aliyense mlangizi womutsata pafupipafupi, ngakhale kuti mlangiziyo sangamutsegulire buku.

Njira yachiwiri ndi ya kalendala, monga ya Chamberlain University, kumene maphunziro amayenda m'zigawo za milungu 8. Nthawi zambiri palibe ola lokumanirana m'kalasi, komabe sabata iliyonse ili ndi masiku ake operekera ntchito ndiponso olembera ndemanga pa zokambirana ndi anzako. Kufulumira n'kovuta, ndipo malipiro amayendera kuchuluka kwa maphunziro amene watenga. Ubwino wake ndi wakuti sabata sidutsa osachitapo kanthu.

Ine ndimaona kuti chosankhitsa chenicheni ndi ndandanda ya mashifiti. Amene masiku ake opuma amadziwika kale angayende bwino ndi kalendala. Amene amasinthidwasinthidwa, lero masana mkuja usiku, adzaphonya masiku operekera ntchito popanda kulakwa kwake, choncho njira yoyamba ingamuyenere, malinga ngati amatha kudzikakamiza yekha.

Kwa amene sanakhalepo namwino, nkhani ndi ina. Kubaya jekeseni kapena kutembenuza wodwala amene sangathe kudzuka siziphunziridwa pa kompyuta, ndipo pulogalamu iliyonse yovomerezeka imafuna maola ambiri a kuchipatala. Ku Britain, bungwe la Nursing and Midwifery Council limafuna maola 4,600, ndipo theka lake ndi la ntchito yamanja. Open University imaphunzitsa unamwino motalikirana, koma ophunzira ake amakhala ogwira kale ntchito yothandizira odwala, ndipo owalemba ntchito ayenera kuvomera kuwamasula pa nthawi yokaphunzira m'mawodi. Wogwira ntchito yosakhudzana ndi chipatala ayenera kudziwiratu kuti pa milungu imeneyo ntchito yake idzaima.

Musanalipire kalikonse, onani ngati pulogalamuyo ndi yovomerezedwa. Ku United States mabungwe odziwika pa zimenezi ndi CCNE ndi ACEN, ndipo mapulogalamu a BSN a sukulu zitatu za kumeneko zimene ndatchulazi ali pansi pa CCNE. Ngati mukufuna kukagwira ntchito kudziko lina, lemberani kaye khonsolo ya anamwino ya dzikolo kuti ikuuzeni ngati digiriyo idzalandiridwa.