Bushveld kapena Stillwater: Kophunzirira Miyala Yosanjikizana

Wophunzira za miyala amene akufuna kuona mmene chiphalaphala chidazizirira pansi pa nthaka n'kusanjikizana m'magawo, ayambire ku Bushveld, ku South Africa. Miyala ya kumeneko ili ndi zaka pafupifupi 2 biliyoni, koma magawo ake akadali chigonere, angopendekeka pang'ono kulowera pakati. Ku Dwars River, mtsinje wa m'dera la Bushveld, mizere yakuda ya chromite imaoneka bwinobwino pakati pa miyala yoyera ya anorthosite, ngati mikeka yoyalidwa umodzi pamwamba pa unzake. Mu 1924 m'magawo a Bushveld mudapezeka Merensky Reef, gwero lalikulu la platinamu.

Stillwater, miyala yosanjikizana ya ku Montana m'dziko la America, ndi yakale kuposa apo, zaka pafupifupi 2.7 biliyoni, ndipo idaona zakuda. Mapiri a Beartooth atatukuka pa nyengo ya Laramide, pamene mapiri ambiri a kumadzulo kwa North America ankatukuka, magawo a Stillwater adapendekeka kwambiri, ena kuima chilili, ena kugadabuka kumene, ming'alu n'kuwaduladula. Okumba palladium (chitsulo cha mtundu wa platinamu) mu J-M Reef, limodzi mwa magawo a Stillwater, zimawapatsa ntchito, koma wofufuza amapindula: akayenda mtunda wochepa amadutsa magawo ambiri, kuyambira apansi kukwera m'mwamba. Ine ndingasankhe Stillwater, ngakhale magawo ake apamwamba penipeni adakokoloka kalekale.