Mbale, mlongoti kapena foni: ndagwiritsapo ntchito zonse zitatu

Chitsitsireni mbale ya kanema padenga langa, anzanga a kuntchito ndi a kumpingo sakundipatsa mpata. Funso lawo ndi limodzi: achimwene, ife tigule chiti? Ndiye ndati ndiyankhe kamodzin'kamodzi.

Njira zoonera kanema zilipo zitatu. Pali mbale ya setilaiti, monga DStv kapena Azam TV. Pali dekoda ya mlongoti, monga GOtv ndi Kiliye Kiliye, zomwe zinafala pamene timasiya kanema wa analogi potsatira tsiku lomwe mayiko anapangana, la 17 June 2015. Yachitatu ndi foni, kugula bandulo n'kumaonera pa YouTube ndi Facebook.

Za kuwala kwa zithunzi sindichedwapo, zonse zimaoneka bwino zikagwira. Kumene zimafika, mbale ndiye dolo: olo kuseri kwa phiri imagwira, pamene mlongoti umafuna kuti nsanja youlutsira mawu ndi zithunzi ikhale pafupi. Koma mvula yamphamvu ikangoyamba, mbale imakusiyani m'malere.

Nkhani yagona pa ndalama, ndipo apa m'pamene ine ndinapsa. Ndinagula mbale mu shopu ina m'tauni chifukwa cha chikwangwani cha mtengo wotsitsa. Wogulitsa anandiuza kuti zonse zili m'katoni. Nditafika kunyumba ndinapezamo mbale, dekoda, rimoti ndi kawaya kosafika ngakhale pawindo. Mnyamata woika mbale atabwera anayang'ana denga, n'kuyamba kuwerengera pa zala: yake yoikira, waya woonjezera, chitsulo chomangirira kukhoma, mabawuti, ya kabaza yobwerera. Mayi a kunyumba anangoima pakhomo atagwira m'chiuno, chifukwa ndalama yomwe ndinatapa inali ya makala ndi ndiwo za sabata imeneyo.

Zimenezo ndikanapirira. Chomwe chinandibaya mtima chinachitika Loweruka. Ndinaitana anzanga anayi kudzaonera mpira wa ku Mangalande, mipando tinachita kubwereka kwa aneba. Nditatsegula tchanelo cha mpira, panangobwera uthenga woti sichili pa phukusi langa. Mwezi waulere womwe wogulitsa uja ankautamanda unali wa phukusi lotsikitsitsa, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe kuti ine ndikufuna mpira, poti ndinamuuza kawiri konse. Tinakathera ku shopu yoonetsa mpira kumsika, kulipira pakhomo, nyumba ili ndi mbale yatsopano padenga. Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale.

Ndiyeno pali masiku 30 a phukusi lomwe mwalipira. Amawerengedwa kaya mwaonera kaya ayi. Magetsi akazima madzulo onse, kaya mwapita kumudzi kumaliro sabata yathunthu, tsiku lodula likakwana amadula basi. Izi zili paliponse polipira pamwezi, koma zimawawa kwambiri pomwe mwalipira zambiri. Musaiwalenso kuti matchanelo akunja amagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo sungakhale pomwepo. Chaka chomwecho mkangano wa mitengo pakati pa MultiChoice, eni ake a DStv, ndi MACRA, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu, unafika kukhoti, DStv n'kuima kaye m'dziko muno kwa miyezi ingapo.

Foni ndi yabwino kwa munthu wokhala yekha. Pabanja ayi. Bandulo imatha mpira uli pakati, ndipo anthu asanu sangaunjikane pa kagalasi kamodzi.

Ine ndatsalira ku mlongoti, ndipo sindibisa kuti pali kukondera. Amayi anga timakhala nawo. Iwo anabadwa Nsanje ikutchedwa Port Herald, Mangochi ali Fort Johnston, ndipo mpaka lero Blantyre amati ku Kabula. Matchanelo mazanamazana a pa mbale analibe nawo ntchito. Chomwe amafuna ndi nkhani za m'Chichewa pa MBC, Zodiak kapena Times, amve kuti Shire wasefukira pati, feteleza wafika kuti, mfumu iti yavekedwa. Dzina la mudzi wa kwawo likatchulidwa amasendeza mpando kufupi ndi kanema. Mlongoti ndinamangirira ndekha pa nsungwi yaitali, mwana wanga ali m'nyumba akukuwa kuti "pomwepo, adadi, musasunthenso!" Woika sindinamulipire.

Ngati muli kutali ndi tauni kapena simungagone osaonera mpira wakunja, gulani mbale, koma musanatulutse ndalama wogulitsayo akulembereni papepala mtengo woikira, kutalika kwa waya ndi dzina la phukusi lomwe lili ndi mpira womwe mukufunawo. Ngati muli m'tauni, yambani mwafunsa aneba omwe ali ndi mlongoti kuti kwanuko ukugwira bwanji. Mbale yanga ija ili kuseri kwa nyumba, amayi akuyanikapo mfutso.