Fyuzi ya golide, ya galasi, ya seramiki ndi kawaya: zomwe ndaona pa ampu yanga

Chiyambireni pomwe sipika yanga inapsa pa chinkhoswe cha mlongo wanga kuno ku Nchalo, aliyense wokumana nane pa msika funso lake ndi limodzi: "Achimwene, fyuzi yabwino ndi iti?" Fyuzi ndi kachipangizo kokhala ndi kawaya kopyapyala mkati, komwe kamaduka magetsi akachuluka kuti chipangizo chisapse. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Ndayesapo mitundu inayi, ndipo umodzi mwa iyo ndikadali nawo kukhosi.

Ndiyambe ndi kawaya, poti ndi komwe kanandiphera sipika. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira, magetsi anasowa kwa nthawi yaitali, ambiri tinathamangira majenereta. Fyuzi ya kuseri kwa bokosi la sipika inayamba kupsa pafupipafupi, ine n'kutopa nayo. Ndinasenda chingwe chakale, n'kuchotsamo tinsambo tiwiri tamkuwa, n'kukulunga pa kagalasi ka fyuzi yakupsayo. Ena amagwiritsa kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, ndi chimodzimodzi. Zinayenda miyezi ingapo ine ndikudzitama kuti ndatulukira nzeru. Tsiku la chinkhoswe, gule atafika pachimake, tulanzisita imodzi ya mu ampu, makina okuzira mawu aja, inafa n'kuyamba kuthira magetsi osasinthasintha, a DC aja, molunjika mu sipika. Fyuzi yeniyeni ikanaduka pomwepo. Kawaya kanga kanangopirira. Tinangomva "mmmm", kenako fungo la koyilo yopsa, waya wokulungidwa wa mkati mwa sipika, linadzaza bwalo lonse, apongozi akuyang'ana ine. Kawaya n'kaulere, inde, koma kukulungitsa koyilo ndi kugula matulanzisita kunandidyera ndalama ya thumba la chimanga.

Nditachita manyazi choncho ndinalumphira tsidya lina. Ndinawerenga pa intaneti za mafyuzi okutidwa golide m'mapeto, omwe ogulitsa ake amati amayeretsa mawu ndi kulimbitsa bezi. Ndinatuma munthu wina wobweretsa katundu kuchokera ku Johannesburg. Mtengo womwe tinagwirizana unali kale wopweteka, koma katundu atafika anandiimbira kuti pali za mayendedwe ndi za msonkho zomwe sanazitchule poyamba. Anakananso kutsikira kuno kuchigwa, ndiye ndinakwera minibasi kudzera pa Thabwa mpaka ku Blantyre kukatenga kaphukusi kochepa kuposa bokosi la machesi. Kuwerengera zonse, mafyuzi awiriwo anandidyera mbuzi yathunthu ya pa msika wa Ngabu.

Nanga mawu anasintha? Tsiku loyamba ndinkalumbira kuti asintha. Munthu ukalipira zambiri makutu amakumvera chisoni. Ndiye ndinauza mwana wa achemwali anga kuti azisinthanitsa ya golide ndi ya galasi wamba ine nditafulatira, nyimbo yomweyo, voliyumu yomweyo. Ndinkangolota. Pena ndinkaloza yotchipa ija n'kunena kuti iyi ndiye ya golide, mnyamatayo n'kumaseka chamumtima. Patapita milungu itatu imodzi inapsa jenereta itabanika, monga momwe ikanapsera ina iliyonse. Inagwira ntchito yake, sindikana, koma mbuzi yanga theka linapita mu kamphindi. Inayo ili m'kabati, ndimaiona ndikafuna kudzikumbutsa kupusa kwanga.

Ya galasi wamba, yomwe imapezeka kwa okonza mawailesi, ndi yomwe ndikugwiritsa ntchito pa masipika. Ubwino wake ikapsa umaona ndi maso. Vuto lake lili pa kagulidwe. Ambiri timangotenga yakupsayo n'kunena kuti "ndipatseni ngati iyi", wogulitsa n'kuyang'ana kutalika kokha. Chitsulo cha kumapeto kwake chili ndi zilembo zing'onozing'ono, muziwerenge ndi tochi ya foni. Mukaona T2AL250V, T akutanthauza kuti imachedwa kupsa, 2A ndi mphamvu yomwe imapirira, L akutanthauza kuti ndi yosalimba pa shoti yaikulu (shoti ndi pomwe mawaya agundana magetsi n'kusefukira). Mukaona F m'malo mwa T, imeneyo ndi yofulumira.

Zilembo ziwirizi ndi zomwe zimasokoneza anthu. Ampu yokhala ndi thiransifoma yaikulu imakoka magetsi ambiri pa kamphindi koyatsa, choncho polowera magetsi a 230V nthawi zambiri pamafunika ya T. Mukaikapo F ya nambala yomweyo, imatha kupsa mutangodina batani, inu n'kumaganiza kuti ampu yafa kapena n'kukweza nambala mpaka 5A, pomwe vuto linali chilembo. Pa chingwe chopita ku sipika n'zosiyana: pamenepo pamafunika F, kuti iduke koyilo isanatenthe. Nambala yake muitenge pa zomwe zalembedwa pafupi ndi poikira fyuzi. Ngati zinafufutika, samu yake ndi iyi: sipika ya 100W pa 8 ohms (muyeso wa momwe sipika imalimbanira ndi magetsi) imakoka pafupifupi 3.5A ikamalira mothera, pa 4 ohms ndi 5A. Ine ndimatsika pang'ono pansi pa pamenepo. Bola fyuzi ipse pakati pa nyimbo.

Samalaninso kukula, chifukwa pali ya 5x20 mm ndi ina yaitali ya 6.3x32 mm. Yaifupi mu malo a yaitali imagwedera, n'kumatenthetsa tizitsulo toigwira.

Ya seramiki, yoyera yosaoneka mkati ija, imakhala ndi mchenga wozimitsa moto wa shoti ndipo chilembo chake ndi H. Ndi yomwe ndaika polowera magetsi mu ampu, poti ya galasi ikakumana ndi shoti yoopsa imatha kusweka. Choipa chake n'choti popanda mita yoyezera magetsi sungadziwe ngati yapsa, ndiponso kuno imasowa, ndimagula ndikakwera ku Limbe. Ya m'pulagi ya mano atatu nayonso ndi ya seramiki. Mapulagi ambiri amabwera ndi ya 13A, koma ku ampu ya m'nyumba 5A imakwana.

Chinthu china chomwe a kumtunda sachidziwa ndi dzuwa lathu. Nambala ya pa fyuzi imayesedwa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 25. Kuno mu Okutobala ndi Novembala timadutsa 40, ndipo mkati mwa ampu yotsekeredwa m'kabati pansi pa malata mumatentha koposa. Fyuzi yotentha kale imapsa msanga. Ndinkadabwa kuti yanga imakonda kupsa masana osati usiku. Nditatulutsa ampu m'kabati, n'kupukuta fumbi, n'kuikapo kafani kumbuyo, zinachepa popanda kukweza nambala.

Ndiye amene mukufunsa inu: seramiki ya T polowera magetsi, galasi ya F pa sipika, nambala yomwe opanga analemba. Mafyuzi apadera asanu ndawamata ndi selotepi kuseri kwa bokosi lililonse. Wofuna ya golide yotsala ija abwere ndi nkhuku imodzi, tikambirana.